Duwa la M'chitini cha Penti

Ndinaligula pa Dwangwa tsiku la malipiro
kwa mnyamata wa wilibala pafupi ndi depoti,
masamba ali njoo ngati mikondo,
mawanga ake a msana wa nsato.
"Ili limameza utsi, mayi.
Inu muli mtulo, ilo lili pa ntchito.
Akatswiri anayeza kale."
Ndinapereka ya sopo osanenerera.

Paja kwathu kuno akatentha nzimbe
kumwamba kumagwa tizidutswa takuda,
m'mpunga, m'tsitsi, m'ndowa ya madzi akumwa,
ndipo chifuwa cha Ndaziona wanga chimayamba kamluzu,
fyii, fyii,
ngati mwanapiye watsekeredwa m'nthiti.

Ndinalibzala m'chitini cha penti
kumutu kwa mphasa yake.
Windo ndinatseka, ming'alu ndinatsira nsanza
kuti mpweya wotsukidwawo usathawe.
Mbaula ndinalowetsa poti kunja kunali mwera.
Masabata atatu ndikulithirira ngati mlendo wolemekezeka,
kamluzu osaleka.

Lachinayi lina Yakobe, uja wongoyamba kukwawa,
anafika pachitini, naluma nsonga ya tsamba.
Dovu chuchuchu mpaka pachifuwa,
kenako phala lonse la m'mawa linabwerera.
Ndinaimbira mlamu wanga Zelipa,
amene amayeza magazi kuchipatala cha paboma,
manja akunjenjemera, foni kutsala pang'ono kugwa.
"Mutsukeni m'kamwa, mumwetse madzi pang'onopang'ono.
Akapitiriza kusanza, thamangani naye.
Silikonda kupha limenelo, koma limapotokola m'mimba."

Loweruka anatsika minibasi ndi nthochi m'jumbo.
Sanandiseke.
Anayang'ana duwa, anayang'ana mbaula,
anayang'ana nsanza za m'windo nthawi yaitali.

"Kuyeza anayezadi, mlamu, mnyamatayo sanapeke zonse.
Koma anayezera m'bokosi lagalasi lomata
losalowa ndi nyerere yomwe,
duwa limodzi, mpweya wa fungo la penti ndi guluu,
n'kudikira usana ndi usiku
kuti aone kachepa bwanji.
Nyumba yanu si bokosi.
Ena anadzakhala pansi n'kuwerengera:
kuti maluwa apose windo lotsegula
mufunika dimba lathunthu m'chipinda muno,
inu ndi ana kukagona pakhonde.
Nanga phulusa la nzimbe, utsi wa makala?
Zimenezo tsamba lilibe nazo mmero."

Ndinafunsa, ndiye ndalama yanga ya sopo?
Iye anangozula nsanza imodziimodzi,
nakankha windo ndi chigongono.
Linalira, linali litaiwala kutseguka.
Mphepo inalowa osaodira,
kalendala wa pakhoma anagwedeza mwezi wa Julayi.

Tsopano mbaula imagona panja ngakhale kuzizire.
Akayatsa munda timatseka, utsi ukadutsa timatsegula.
Kampope kabuluu ka Ndaziona kali m'thumba la yunifolomu
ndipo tsiku la sikelo ya Yakobe ndimamutenganso
adokotala akamve m'chifuwamo.
Kamluzu kamabwerabe nyengo yodula ikafika,
sindinama.
Koma masiku ena usiku wonse zii,
mpaka ndimadzuka kukaika khutu pamsana pake.

Duwa lija sindinataye.
Lili pamwamba pa kabati, posafika dzanja la mwana,
tsamba limodzi lili ndi chipsera cha mano anayi.
Mwezi watha latulutsa mphukira m'mbali mwa chitini
popanda wolipempha.
Ndikalipukuta fumbi ndimaliuza kuti,
iwe sunandinamize, sunalankhulepo kanthu,
ntchito tinakulemba tokha
usanafunsire.

Dzulo ndamuonanso mnyamata wa wilibala
akuuza bambo wina wa ovolosi ya kampani
mawu omwe aja, ndi dzanja pamtima.
Ndinaima.
Ndinafuna kunena za bokosi lagalasi,
koma ndinaona nsapato zake zomanga ndi waya,
ndiye ndinangoti kwa bamboyo,
"Gulani, n'lokongola, silivuta madzi.
Koma kunyumba kuli wokwawa?
Nanga windo lanu limatseguka?"